Ikakwana 3 koloko, ndege zimasamuka pamwamba pa nyumba yathu

Amayi anabwera kudzationa kuno ku Hounslow, kumadzulo kwa London, chaka chimene tinalandira mwana wachiwiri. Tsiku lawo loyamba anakhala panja kuseri kwa nyumba, kapu ya tiyi ili m'manja, maso ali kumwamba. Inadutsa ndege, matayala ali lendee, yotsika mwakuti zilembo za pamimba pake zinkawerengeka. Isanabisike kuseri kwa madenga, ina inali itatulukira kale kum'mawa, nyali zili ng'aning'ani, ndipo pambuyo pake panali inanso, n'inanso, zitandandalikana ngati mikanda pa ulusi. Anawerenga mpaka 20, kenako anaika kapu pansi.

"Mwanangu, kodi zimenezi sizitopa?"

"Dikirani 3 koloko, amayi."

Itangokwana 3 koloko masana, pamwamba pathu panayera. Mzere wonse uja unasunthira kumpoto, cha ku Heston ndi Cranford, ndipo mkokomo wake unatsala ngati wa mvula imene ikugwa kutsidya kwa mtsinje. Tinayamba kumva njiwa, kumva mwana wa aneba akumenyetsa mpira kukhoma. Amayi anafunsa kuti wazikusira uko ndani, ngati akunena ng'ombe.

Zimakusidwadi. Ndakhala pansi pa njira ya ndege zopita ku bwalo la Heathrow kwa zaka zambiri, ndipo ndamva zambiri za injini zatsopano zosasokosa, za mawindo a magalasi awiri, za katsikidwe kamakono. Zonsezo zili ndi ntchito yake. Koma chimene ndaona kuti chimasintha moyo wa munthu wokhala pansi ndi chimene amayi anaona tsiku lija: maola a bata, odziwika pasadakhale, oti ungawadalire. Pano boma la Britain lili pa kalikiliki wojambulanso njira za ndege pamwamba pa London yense, ndipo ine ndikuti maola amenewa ndiwo ayenera kutetezedwa zina zonse zisanakambidwe, ndi kuperekedwa kwa amene sanawalawepo.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi mphepo. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, chifukwa mphepo ya kumaso imathandiza mapiko kunyamula. Ku London mphepo imakonda kuchokera kumadzulo, pafupifupi masiku 7 mwa masiku 10 alionse, ndiye ndege zotera zimabwera kuchokera kum'mawa, kudutsa pamwamba pa mzinda wonse, Putney, Richmond, Isleworth, mpaka kwathu kuno, pamene zonyamuka zimalowera kumadzulo cha ku Windsor. Heathrow ili ndi misewu iwiri ya ndege, wakumpoto ndi wakum'mwera, yoyenda mondondozana, yotalikirana kilomita imodzi ndi theka osakwana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 pali dongosolo lakuti msewu umodzi uzilandira zotera kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko, winawo uli wa zonyamuka, kenako isinthane mpaka usiku. Mlungu wotsatira amatembenuza, kuti amene anapuma m'mawa apume madzulo. Ndandanda yake imatuluka ya chaka chonse.

Ine ndimagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba, ndipo ndandanda imeneyi ndinaimata pachitseko cha firiji. Mlungu umene msewu wakum'mwera ukupuma m'mawa, ndikafika kunyumba ndimagona chipinda chakutsogolo, zenera lili pululu. Mlungu winawo ndimasamukira kuchipinda cha ana, kutseka zonse, thonje m'makutu. Mkazi wanga amaona pomwepo poitana alendo. Ana amadziwa kuti mlungu uno homuweki ingalembedwere panja kapena ayi. Pabwalo limene malire ake ndi ndege 480,000 pa chaka, kutanthauza pafupifupi 1,300 pa tsiku, imodzi ikutera pa mphindi imodzi ndi theka iliyonse, theka la tsiku lopanda ndege pamutu ndi chuma. Dongosololi silinafune injini yatsopano kapena khoma. Ndi kayendetsedwe chabe, chisankho cha anthu chakuti mtolo uzilandiranidwa, monga amuna amalandirana chithatha popita kumanda.

Pali njira zina zoyendetsera ndege zimene zimachepetsadi phokoso, osati kungolisuntha, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Yaikulu ndi katsikidwe kosalekeza. Kale ndege inkatsika ngati munthu wotsika masitepe: itsike pang'ono, iyende chopingasa, itsikenso. Nthawi iliyonse imene ikuyenda chopingasa ili m'munsi, woyendetsa amayenera kuwonjezera moto wa injini kuti isamire, ndipo moto umenewo ndi umene umagwedeza mawindo. Ikamatsetsereka mosadukiza kuchokera pa mamita pafupifupi 1,800, injini zikungong'ung'udza, imakhala m'mwamba nthawi yaitali, imawotcha mafuta ochepa, ndipo m'madera amene ali makilomita 20 mpaka 40 kuchokera pabwalo phokoso limatha kutsika ndi ma decibel (muyeso wa kukula kwa phokoso) ofika 5. Ndege zambiri zotera ku Heathrow zimatsika motere masiku ano. Chinanso ndi matayala. Akatulutsidwa msanga, mphepo imawomba m'zitsulo zake ndi m'mabowo amene atuluka, ndipo ndegeyo imafuna moto wowonjezera kuti ikoke cholemetsacho. Woyendetsa amene amadikira mpaka pamene akufunikadi amapulumutsa makwalala ambirimbiri. Khutu lozolowera limasiyanitsa ndege imene yatulutsa matayala msanga ndi imene yadikira, osayang'ana n'kumwamba komwe.

Koma taonani malire ake. Katsikidwe kosalekeza kamathandiza anthu a kutali. Ndege ikalowa mumzere womaliza, imatsata chingwe cha wailesi chopendekeka madigiri 3, ndipo zonse zimadutsa malo amodzimodzi pa msinkhu umodzimodzi, kutsika mamita 52 pa kilomita iliyonse. Heathrow inayesa kupendeketsa pang'ono, madigiri 3.2, mu 2015 ndi 2017, ndipo mu 2021 njirayi inavomerezedwa kuti ikhalepo kwa ndege zochepa zimene zimatera motsogozedwa ndi setilaiti. Werengani nokha: pa makilomita 10 kuchokera pamsewu wa ndege, yotsika pa madigiri 3 imakhala pa mamita 524, ya 3.2 pa mamita 559. Kusiyana kwake mamita 35. Phokoso linatsika ndi theka la decibel, pamene khutu la munthu limayamba kuzindikira kusintha pa ma decibel atatu. Achite ndithu, pang'onopang'ono ndi mtolo, koma palibe mwana wa ku Isleworth amene anagona bwino chifukwa cha theka la decibel. Bwalo la London City limatsitsa ndege pa madigiri 5.5, koma kumeneko kumatera ndege zing'onozing'ono zovomerezedwa mwapadera. Chindege chachikulu cha A380 chodzaza anthu sichingatsike chotero.

Ku mbali yonyamuka ndiko kumaoneka poyera kuti phokoso silifa. Pali njira ziwiri zodziwika. Ina ndege imakwera mofulumira kaye, kenako n'kuyamba kuthamanga; imeneyi imapepuza amene ali pafupi, pansi penipeni pa njirayo. Ina imathamanga msanga, kubweza zipsepse za mapiko, n'kukwera pambuyo pake. Imeneyi imapepuza a kutali ndipo imasunga mafuta. Palibe imene imapepuza onse. Ukasankha imodzi, wasankha mudzi woti upume ndi mudzi woti usenze. Nkhani yonse ya kayendetsedwe ka ndege ikafika pansi pake imakhala ya kugawa, ndipo kugawa si ntchito ya mainjiniya okha.

Apa ndi pamene pali mantha anga. Njira zambiri za pamwamba pa London zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndege zikutsata zizindikiro za wailesi zozikidwa pansi. Ndege zonyamuka ku Heathrow zimayenera kukhala m'kanjira kotambalala makilomita atatu kufikira zitakwera mamita 1,200, ndipo poti zida zakale sizinali zolondola kwenikweni, ina inkadutsa cha kumanzere, ina cha kumanja. Zotera nazo, zikachoka m'malo anayi a mlengalenga odikirira mpata wotera, a Bovingdon, Lambourne, Ockham ndi Biggin, zimalondoleredwa ndi mawu a oyang'anira, iliyonse mokhota mwake. Kusalondola kumeneko kunkamwaza phokoso popanda wina kulinganiza. Tsopano kwabwera setilaiti. Ndege ikhoza kutsata mzere umodzi ngati sitima panjanje, yachiwiri n'kuponda momwe yaponda yoyamba, tsiku lonse, chaka chonse.

Kwa wojambula mapu zimenezi ndi zokoma. Akapanikiza ndege zonse mumzere umodzi wopyapyala, chiwerengero cha anthu "okhudzidwa" chimatsika, ndipo lipoti limaoneka bwino. Kwa zaka zambiri mfundo ya boma la Britain inali yomweyo, kuchepetsa chiwerengero cha anthu osautsidwa. Koma kuwerenga mitu kumabisa chinthu chimodzi: amene atsala pansi pa mzerewo salandira phokoso lomwe lija, amalandira la anzawo onse amene apepukidwa.

Si zongoganiza. Mumzinda wa Phoenix ku America, bungwe la boma loona za ndege la FAA linasintha njira zonyamukira mu September 2014, pogwiritsa ntchito setilaiti, popanda kukambirana mokwanira ndi anthu. Madera akale a mzindawo anadzuka tsiku lina ndege zili pamutu. Khonsolo ya mzinda inakasuma, ndipo mu August 2017 khoti la apilo ku Washington linagamula kuti FAA inalakwitsa. Kuno kwathu, bwalo la London City linapanikiza njira zake mu February 2016, ndipo anthu a ku Leyton ndi Wanstead anayamba kudandaula kuposa kale lonse. Heathrow nayo inayesa njira zotere mu 2014 pamwamba pa Ascot, Teddington ndi madera ena, ndipo mkwiyo wa anthu unachititsa kuti kuyesako kuthe msanga mu November chaka chomwecho. Malo atatu osiyana, nkhani imodzi. Ndege sizinachuluke, injini sizinasinthe, koma anthu amene ankamva ndege mwa apo ndi apo anayamba kuimva mosalekeza, ndipo mosalekezamo ndi mmene muli ululu. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata yodontha amadziwa kuti si kukula kwa dontho kumene kumasowetsa tulo.

Ine sindikudana ndi setilaiti. Chida chomwecho chimene chingapanikize ndege mumzere umodzi chingajambule mizere itatu kapena inayi, yotalikirana mokwanira, yogwiritsidwa ntchito mosinthana pa ndandanda yolengezedwa. Ndiko kuti, 3 koloko yathu ija ikhoza kufika kwa anthu a kutali ndi bwalo, a ku Clapham, Brockley ndi Greenwich, kumene ndege zolowera ku misewu yonse iwiri zimadutsa ndipo kusinthana kwa misewu sikumveka kwenikweni. Mu 2017 boma linasintha malangizo ake kuti aziyang'ana kuvulazidwa kwa thanzi la anthu, osati chiwerengero chokha, ndipo linatsegula khomo la njira zingapo. Khomo lotseguka si lamulo. Wojambula akhoza kulowapo kapena kulilambalala, ndipo njira imodzi ndi yosavuta kujambula, yosavuta kuyang'anira, yotchipa kwa makampani. Popanda chowakakamiza, adzasankha yosavutayo.

Otsutsa maganizo angawa ali ndi mfundo, ndipo zina ndi zolemera.

Ena amati wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima: unadziwa kuti pali bwalo la ndege, unabwereranji? Funso limeneli limandipweteka chifukwa limaiwala mmene anthu amapezera nyumba. Amene amakhala ku Hounslow, Feltham ndi Cranford ambiri ndi oyeretsa ndege zomwezo, onyamula katundu, ophika chakudya cha apaulendo, oyendetsa mabasi, osamalira odwala. Anabwera kumene kuli ntchito ndi lendi yofikirika. Mwana wobadwira kuno sanasankhe kanthu. Ndipo ndi njira zatsopanozi, mphezi ndi imene ikusamukira kwa anthu, osati anthu kwa mphezi.

Ena, ndipo awa ndimawamvera chisoni, ndi amene akukhala pa bata lero. Kugawana kukutanthauza kuti banja lina limene silinamvepo ndege liyamba kuimva maola angapo pa tsiku. Sindinganame kuti zimenezo ndi zopepuka. Munthu woyamba kumene kumva ndege amavutika kuposa wozolowera. Koma ndikaika pa sikelo banja lomva ndege maola anayi odziwika, ndi banja lomva maola 17 tsiku lililonse mpaka imfa kuti linzakelo lisamve konse, sindipeza chilungamo m'njira yachiwiriyo. Onse amakwera ndege zomwezo, onse amadya za chuma chimene bwalolo limabweretsa. Nthawi zambiri amene ali pa bata ndi amene amakwera kwambiri.

Mfundo yachitatu ndi ya akatswiri: mlengalenga mwa London ndi mothinana. Pali Heathrow, Gatwick, Stansted, Luton, London City, ndiye njira iliyonse yowonjezera imadya malo a ina, imalemetsa oyang'anira, imatalikitsa ulendo ndi kuwotcha mafuta. Chitetezo sichikambirana, ndipo palibe wanzeru amene angapemphe bata logulidwa ndi ngozi. Za mafuta, boma lenilenilo linalemba mu 2017 kuti pansi pa mamita 1,200 phokoso ndilo liyenera kutsogola, ndipo mpaka mamita 2,100 liziganiziridwabe patsogolo pokhapokha utsi wowonjezera utakhala wochuluka mopitirira. Ngati mawu amenewa ali ndi tanthauzo, makilomita ochepa owonjezera pa ulendo wa makilomita 9,000 wochokera ku Johannesburg si chifukwa chokanira kugawana. Chimene ndimakana ndi chakuti mawu oti "n'zovuta" azitsekera nkhani isanayambe, pamene zovuta zomwezo zimapezeka njira yake ikakhala nkhani yowonjezera ndege.

Chifukwa chimene ndikulimbikira chotere ndi chakuti nkhaniyi ndi ya thupi, si ya kukwiya chabe. Mu 2013 magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa anthu 3.6 miliyoni okhala mozungulira Heathrow, ndipo anapeza kuti m'madera a phokoso lalikulu anthu ogonekedwa m'chipatala kapena kumwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima anali ochulukirapo, ndi 10 mpaka 20 pa 100 alionse, kuyerekeza ndi madera a bata. Mu 2005 magazini ya The Lancet inatulutsa zotsatira za ana a sukulu oposa 2,800 a pafupi ndi Heathrow, Schiphol ku Amsterdam ndi Barajas ku Madrid, zosonyeza kuti phokoso la ndege likamakwera, luso lomvetsa zowerenga limatsalira. Aphunzitsi a kuno amachidziwa chizolowezi choima pakati pa chiganizo kudikira ndege idutse, kenako kuyambiranso ana atataya kale mutu wa nkhani. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2018 linalangiza kuti phokoso la ndege lisapitirire ma decibel 45 pa avereji ya tsiku, ndi 40 usiku. Anthu oposa 700,000 ozungulira Heathrow anawerengedwa kuti ali pamwamba pa 55. Ku ntchito kwanga ndimasamalira anthu amene sitiroko inawalanda mawu ndi mkono, ndiye manambala amenewa sindiwawerenga ngati a m'buku.

Pali ola limodzi limene kayendetsedwe kalikonse kamalephera, ndilo la m'bandakucha. Pakati pa 11:30 usiku ndi 6 koloko m'mawa, Heathrow imaloledwa ndege 5,800 pa chaka, pafupifupi 16 usiku uliwonse, ndipo zambiri ndi zotera kuyambira 4:30. Pa ola limenelo mzinda uli zii, ndege imodzi yokha imakwana kudzutsa khwalala lonse, itsike mwaulemu bwanji. Anthu a kuno anafika nayo nkhaniyi mpaka ku khoti la ufulu wa anthu la ku Strasbourg. Anapambana mu 2001, koma chigamulocho chinatembenuzidwa mu 2003. Frankfurt, bwalo lalikulu la Germany, linaletsa ndege pakati pa 11 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa kuyambira mu 2011, ndipo silinagwe. Sydney, ku Australia, ili ndi lamulo la nyumba ya malamulo lotseka kuyambira 11 koloko mpaka 6 koloko. Komiti yokhazikitsidwa ndi boma yotsogozedwa ndi Howard Davies, imene mu 2015 inavomereza msewu wachitatu ku Heathrow, inanena yokha kuti ndege zokonzedwa za pakati pa 11:30 ndi 6 koloko ziletsedwe. Ndikugwirizana nayo pa chimenecho, ndipo sindiona chifukwa chodikirira msewu watsopano.

Ndiyenera kunena poyera kuti ife tomwe tili m'nkhaniyi mbali zonse ziwiri. Ndege zofika m'mamawa ndi za maulendo aatali, zochokera ku Hong Kong, Singapore, Johannesburg. Poti palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre kulunjika London, tonse timadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo ambiri timafika kuno kukucha, titagona mumpando usiku wonse. Amayi anga anafika chomwecho. Kuletsa maola amenewa kungatanthauze kudikira nthawi yaitali pabwalo lapakati, mwina tikiti kukwera pang'ono. Ndalingalira, ndipo ndikuvomera kulipira. Ulendo wa kumudzi ndimayenda kamodzi pa zaka ziwiri. Khanda la pa khwalala lathu limadzutsidwa m'mawa uliwonse.

Sydney ili ndi phunziro linanso limene limandidetsa nkhawa. Msewu wachitatu utatsegulidwa kumeneko mu 1994, phokoso linaunjikana pa madera a kumpoto kwa bwalo, anthu anachita zionetsero, ndipo mu 1997 boma linakhazikitsa dongosolo logawana phokoso, lofuna kuti ndege zoposa theka zizidutsa kum'mwera pamwamba pa madzi a Botany Bay, zotsalazo zigawidwe kumpoto, kum'mawa ndi kumadzulo. Dongosololo linathandiza, koma zolinga zake sizinakwaniritsidwe zonse, chifukwa pa maola otanganidwa oyang'anira amabwerera ku misewu yondondozana imene imatulutsa ndege zambiri. Kugawana kumafuna mpata, ndipo ndege zikachuluka mpata ndi umene umadyedwa poyamba. Ngakhale kuno, pakati pa 6 ndi 7 koloko m'mawa misewu yonse iwiri imalandira zotera, ndipo masana ndege zikachedwa kwambiri zina zimaloledwa kutera pa msewu umene unayenera kupuma. Zikachitika mwa apo ndi apo, munthu amamvetsa. Zikasanduka chizolowezi, ndandanda ya pafiriji ija imakhala pepala chabe.

N'chifukwa chake nkhani ya msewu wachitatu wa ku Heathrow, umene nduna ya zachuma Rachel Reeves inauikira kumbuyo mu January 2025, ndimaiyang'ana ndi diso limeneli. Ena akukangana za ntchito, ena za nyengo, ena za midzi ya Harmondsworth ndi Longford imene nyumba zake zidzagwetsedwe. Ine ndikuwonjezerapo za maola. Ndi misewu itatu ndi ndege zoposa 700,000 pa chaka, msewu umodzi uzidzagwira zotera ndi zonyamuka nthawi imodzi, ndipo mapulani amene nyumba ya malamulo inavomereza mu 2018 anavomereza okha kuti kupuma kwa madera ambiri kudzatsika kuchoka pa theka la tsiku kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Bungwe loima palokha limene linakhazikitsidwa kuti liziyang'anira phokoso la ndege, ICCAN, linayamba ntchito mu 2019 ndipo linathetsedwa mu 2021. Ndiye woyankhulira maola amenewa ndi ndani? Chimene ndikupempha ndi chakuti maola opuma alembedwe m'chilolezo chenicheni, monga malire a 480,000 analembedwera mu 2001 pololeza kumanga nyumba ya apaulendo ya Terminal 5: dera lililonse maola akutiakuti pa tsiku, oyezedwa ndi makina omvera phokoso, olengezedwa poyera, ndi chindapusa akaphwanyidwa. Lonjezo la pakamwa limatha ndi amene analinena.

Komatu pali lonjezo limodzi la pakamwa limene linakhalitsa, ndipo ndi limene limayesa ngati ndikukhulupiriradi zimene ndalemba. Mu 1952 mkulu wina wa boma anauza anthu a mudzi wa Cranford, umene uli kumapeto kwenikweni kwa msewu wakumpoto, kuti ndege sizidzanyamuka molunjika pamwamba pawo. Chifukwa cha lonjezo limeneli, mphepo ikatembenuka n'kuchokera kum'mawa, kusinthana kwa 3 koloko kulibe. Zotera pafupifupi zonse zimadzera pamwamba pa Windsor kulowa msewu wakumpoto, kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo zonyamuka zonse zimachokera msewu wakum'mwera, kudutsa Hatton ndi kumpoto kwa Feltham. Mphepo ya kum'mawa ikhoza kukhala milungu iwiri yosatembenuka, makamaka m'miyezi ya April ndi May, ndipo nthawi yonseyo madera amenewo sapuma. Boma linathetsa panganolo mu 2009, koma kuti msewu wakumpoto uyambe kutulutsa ndege molowera kum'mawa pafunika kumanga tinjira tatsopano tolowera, ndipo ntchito imeneyi yakhala ikukokedwa pakati pa zilolezo ndi ma apilo kwa zaka zoposa 15.

Ku Cranford ndili ndi anthu anga. Ndimapemphera nawo, ana athu anakulira limodzi, ndipo ndikudziwa chimene chidzawagwere: ndege yonyamuka, injini zili pa moto wonse, mamita ochepa pamwamba pa sukulu ndi madenga, imasokosa koopsa kuposa yotera. Mayi wina wa kumpingo kwathu, wamkulu kwa ine, anandigwira mkono titatuluka m'tchalitchi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ndiye mukufuna atibweretsere ifeyo?" Ndinawayankha kuti eya, amayi, theka la tsiku, pa masiku a mphepo ya kum'mawa okha, ndipo pokhapokha atayamba amanga khoma lotchinga phokoso, kuika mawindo ndi mpweya wabwino m'nyumba ndi m'makalasi, ntchito yonse itatha ndege yoyamba isananyamuke. Sanakondwe, ndipo sindinayembekeze kuti akondwe. Anandiuza kuti n'zosavuta kugawa za eni. Ndinawauza kuti njira zatsopano zikajambulidwa, mzere wina ukhoza kugwera pa khwalala langa pa maola amene lero ndimagona zenera lili pululu, ndipo ngati maola amenewo akapumitse banja la ku Windsor kapena la ku Brockley limene silinaonepo 3 koloko, ndidzasaina.